Magulu athu a zaluso ayamba kukangana: tilembetse kuboma kapena tingousiya mgwirizanowu?

Funso: "Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Mchinji. Chaka chatha tinayambitsa mgwirizano wa magulu 11 a zaluso ndi chikhalidwe: a mganda, a chimtali, a ingoma, a zisudzo, alakatuli, kwaya ndi amayi oumba mbiya. Ena ndi akonkuno, ena a ku Santhe, ena a ku Namitete, ndipo magulu awiri a ku Chipata akufuna kulowa nawo. Chionetsero choyamba chinayenda bwino, koma pano zavuta. Akutali akuti zonse zimachitikira ku Mchinji. Ena sabwera kumsonkhano ngati kulibe alawansi. Gule wamkulu tinamuitana koma amfumu anakana, pomwe a kwaya akuti gule akadzabwera iwo adzatuluka. Bungwe lina lati lingatithandize tikalembetsa kuboma. Ndalama za mgwirizano ndimasunga ndine pafoni yanga, ndipo mphekesera zayamba. Ndichite bwanji?"

Yankho:

Aphunzitsi, pepani kwambiri, makamaka pa za mphekeserazo. Zimawawa munthu ukamagwira ntchito mongodzipereka kenaka n'kumva dzina lako likutchulidwa kumbali. Koma musausiye mgwirizanowu. Zonse mwatchulazi ndakhala ndikuziona pa zaka zimene ndagwira ntchito ndi magulu a magule ndi zisudzo, ndipo kawirikawiri zimabuka chionetsero choyamba chikangotha. Poyamba anthu amabwera ndi chimwemwe chokha. Chikazilala, aliyense amayamba kufunsa kuti chinthuchi n'cha yani, ndalama ali nazo ndani, nanga ife akutali tikupindulamo chiyani. Mafunso amenewa ndi oyenera, ndipo onse ali ndi mayankho.

Ndiyambe ndi chimene sichingadikire. Ndalama zili pafoni yanuzo zichokepo msanga. Sindikukukayikirani ayi. Vuto ndi loti ndalama za gulu zikasakanikirana ndi zanu pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ngakhale mukhale wokhulupirika chotani, mulibe njira yotsimikizira anthu kuti zimene munatapa tsiku lakutilakuti zinagula chikopa cha ng'oma osati ndiwo za kunyumba. Itanani nthumwi za magulu onse, muwerenge mokweza zonse zimene zinalowa ndi kutuluka, kenaka mupereke ndalamazo kwa msungichuma wosankhidwa amene sachokera kugulu lanu. Amayi a banki m'khonde njira yake amaidziwa bwino: bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu, wosunga bokosi alibe kiyi, ndipo ndalama zimawerengedwa aliyense akuona. Inunso mukadzatsegula akaunti, osainira akhale atatu ochokera m'maboma osiyana. Lisiti iliyonse ijambulidwe n'kuikidwa pagulu la WhatsApp tsiku lomwelo. Zogula zopanda lisiti, monga nkhuni kapena mbuzi, wogulitsayo asaine kapena adinde chala m'kope. Inuyo khalani mlembi kapena wolumikiza magulu, koma ndalama musagwirenso. Mudzagona tulo tabwino.

Tsopano dandaulo la a ku Santhe ndi a ku Namitete. Akunena zoona, ndipo muwauze poyera kuti akunena zoona. Mgwirizano wa maboma atatu, Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe, umene misonkhano yake, chionetsero chake ndi ndalama zake zonse zili pamalo amodzi, anthu akutali amauona ngati gulu la eni ake lomwe iwo amangoitanidwako kudzadzaza bwalo. Chimene ndikufuna mumvetse kuposa china chilichonse m'yankho lino ndi ichi: mgwirizano si bungwe latsopano lolamulira magulu. Ndi pangano la magulu amene aliyense ali kale ndi mwini wake, atsogoleri ake ndi mwambo wake. Komiti ntchito yake ndi kukonza zoti maguluwo akumane, basi.

Chitsanzo chake muli nacho kale pakati panu, ndi a mganda. Mabungwe asanabwere, magulu a mganda, ngati anzawo a malipenga kunyanja, akhala akuitanirana okha. Gulu limatumiza uthenga kwa linzake, alendo amafika ndi ng'oma ndi mabadza awo, eni mudzi amagawana alendowo kuti akadye ndi kugona m'makomo mwawo, ndipo ulendo wina amene anali alendo amakhala olandira. Palibe amene amafunsa alawansi, poti aliyense amadziwa kuti tsiku lake lodyetsa anzake likubwera. Chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana. Akuluakulu a mganda a m'gulu lanu muwafunse momwe amachitira, ndipo dongosolo lanu mulimange pamenepo.

Kunena mwatchutchutchu, chionetsero chachikulu chizizungulira: chaka chino ku Santhe, chamawa ku Namitete, kenaka n'kubwerera ku Mchinji. Olandira asamale bwalo, madzi, zimbudzi, nkhuni, ndiwo ndi pogona. Alendo adzilipirire mayendedwe ndipo abwere ndi ufa wawo. Thumba la mgwirizano ligwire zokhazo zimene gulu limodzi silingathe palokha, monga chimkuzamawu, jenereta, ndi kuwonjezera pa mtengo wa lole ya amene ali kutali kwambiri. Msonkho wa gulu usakhale wa ndalama zokha. Dera lanulo ndi la mtedza ndi soya, ndiye gulu likhoza kupereka ndowa zingapo nthawi yokolola, komiti n'kugulitsa mitengo ikakwera. Ndaona magulu amene amalephera kusonkha mwezi ndi mwezi akukwanitsa mosavuta akauzidwa kuti abweretse mbewu kamodzi pachaka.

Pakati pa chaka, magulu oyandikana azichezerana awiriawiri, ulendo wa panjinga kapena wapansi, osadikira komiti. Misonkhano ya komiti itatu pachaka ndi yokwanira, nayonso izizungulira. Zotsalazo mukambirane pafoni, ndipo mauthenga ofunika muziwalankhula pamawu, chifukwa mtsogoleri wa chimtali amene amasunga nyimbo zonse pamutu mwina sawerenga msanga, mwinanso foni yake ilibe WhatsApp. Ameneyo aimbiridwe. Pa za nthawi, kalendala ya mlimi ndiyo ikulamulireni. Kuyambira Novembala mpaka Epulo anthu ali kumunda, Febuluwale m'makomo ambiri chakudya chimachepa, Okutobala maganizo ali pa feteleza. Nthawi yabwino ndi Juni mpaka Seputembala, koma mupewe masiku a mayeso ngati muli ndi ana asukulu, ndiponso Loweruka lomaliza la Ogasiti pamene ambiri amapita ku Kulamba, mwambo wa Achewa wa ku Zambia.

Za alawansi musawaweruze msanga anzanuwo. Munthu amene wasiya ganyu kapena geni yake tsiku lonse watayadi ndalama, ndipo chizolowezi cholandira pamsonkhano sanachiyambitse ndi iye. Chofunika ndi kusiyanitsa zinthu zitatu zimene anthu amazitcha dzina limodzi. Kubweza ndalama ya thiransipoti ndi kupereka chakudya ndi chilungamo, ndipo wochokera kutali alandire yochuluka kuposa wapafupi. Kulipira munthu chifukwa chongokhala pamsonkhano wa chinthu chake chomwe, kumeneko mukane kuyambira pano, chifukwa mukangoyamba simudzasiya, ndipo tsiku limene thumba lidzaume mudzatsala nokha. Chachitatu ndi malipiro a luso. Apa ndiye ndimalimbikira kwambiri. Wina akaitana magulu anu kuti akavine pamwambo wake, alipire, ndipo kagawidwe kake kakhale kolembedwa ndalama isanafike. Ine ndimalangiza kuti gawo limodzi mwa magawo khumi lipite kuthumba la mgwirizano, zotsalazo kwa amene avina. Zofupa pabwalo ndi za gulu limene lafupidwalo, komiti isagwireko. Musaiwale oimba ng'oma, amene amayamba kuwamba ng'oma ena asanavale n'komwe, ndi amayi amene amaphika tsiku lonse osaonera ngakhale gule mmodzi. Oumba mbiya phindu lawo lili pa kugulitsa, choncho apatseni malo pamene anthu amadutsa, osati kuseri kwa sukulu, ndipo muganizire momwe mbiyazo ziyendere pagalimoto osasweka.

Nkhani ya gule wamkulu ndichedwepo pang'ono, poti apa ndi pamene migwirizano yambiri imalakwitsa popanda cholinga choipa. Ndikuganiza kuti amfumu sanakane mgwirizano wanu, anakana kaitanidwe. Gule si kalabu ya zisudzo yoti mungailembere kalata n'kuiika pa nambala 7 papulogalamu. Ali ndi eni ake, mfumu ya mzinda ndi akuluakulu a kudambwe, ndipo ali ndi nthawi zake: pamaliro, pachiliza, pachinamwali, polonga ufumu. Kuti atuluke pa zina, eni akewo ndiwo amagamula. Bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu mu 2005 kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, n'kumulemba m'kaundula wake mu 2008 m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique pamodzi. Koma ulemu umenewo sunachotse umwini m'manja mwa mafumu n'kuupereka kwa makomiti.

Ndiye pitaninso, koma ulendo uno mutsogoze munthu wamkulu wolowa gule, mudzere kwa nyakwawa ndi kwa gulupu monga mwa mwambo, ndipo ngati kungafunike mufike kwa a T/A. Nthumwi za bungwe losunga chikhalidwe cha Achewa la Chewa Heritage Foundation m'dera lanu zikhozanso kukutsogolerani. Mukakafika kafunseni, osati kukawauza. Iwo anene zilombo zimene zingatuluke, pamene pakhale liunde (malo amene zilombo zimakonzekerako), amene aziperekeza, nthawi yake, ndi ngati kujambula n'kololedwa. Zimene sakufuna kukufotokozerani musazifufuze. Mugwirizanenso za chitetezo cha ana ndi oonerera, kuti pasakhale kuthamangitsana kunja kwa bwalo. Akakananso, landirani yankholo ndi ulemu, ndipo mupitirize kuwaitana amfumuwo ngati alendo olemekezeka. Mgwirizano wanu sulephera chifukwa choti mulibe gule, koma ukhoza kutha mukamutulutsa mozembera eni ake, mwa kungolemba anyamata ena kuti avale n'kuvina. Zimenezo musayerekeze.

A kwaya nawo musawakakamize, ndipo musawatche odzikonda. Chikhulupiriro chawo n'chenicheni monga momwe mwambo wa enawo uliri weniweni. Njira imene ndaona ikugwira ntchito ndi kugawa tsiku: m'mawa makwaya, ndakatulo ndi zisudzo, masana magule, gule wamkulu n'kukhala womaliza, kuti wofuna kuchoka achoke mwaulemu popanda womuloza chala. Mulembenso m'pangano kuti palibe nyimbo kapena sewero lonyoza chipembedzo kapena mwambo wa gulu lina. Ngati mungakwanitse, tengani atsogoleri a mbali zonse ziwiri mukaone ku Mua ku Dedza, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976 pa mishoni ya Katolika. Kumeneko miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayawo imasungidwa ndi kufotokozedwa mwaulemu pafupi ndi tchalitchi. Sikuti aliyense akabwerako atasintha maganizo, koma kukambirana kumafewa.

Anzanu a ku Chipata alandireni ndi manja awiri. Ubale ulipo kale: Angoni a ku Mchinji ndi a kwa Mpezeni ndi amodzi, ndipo amakumana pa Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, monga momwe Achewa a mayiko atatu amakumanirana ku Mkaika m'boma la Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mwambo wa Kulambawo atsamunda anauletsa mu 1934, unayambiranso mu 1984, ndipo mu 2007 atsogoleri a mayiko onse atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala nawo limodzi. Chimene mungatengepo ndi choti mbali iliyonse imakonza ulendo wake ndi anthu ake, n'kukakumana pabwalo limodzi. Inunso chitani choncho. Chaka choyamba akhale abwenzi ochezerana nawo, osati mamembala osonkha. Ndalama zathu ndi zawo zonse dzina ndi kwacha koma mphamvu zake n'zosiyana, ndiye thumba limodzi lingakubweretsereni mikangano ya kasinthidwe. Iwo asunge lawo, inu lanu.

Powoloka, dzerani pachipata cha Mchinji ndi Mwami, ngakhale mukudziwa njira zachidule za m'midzi. Gulu la anthu 40 ovala yunifolomu litanyamula ng'oma silizemba. Pitani ku ofesi ya Immigration masabata angapo ulendo usanafike, mutatenga mndandanda wa mayina ndi kalata yokuitanani, akakuuzeni amene akufunika pasipoti ndi amene angadutse ndi chiphaso cha pachipata. Ana akhale ndi makalata a makolo awo. A ingoma ngati zovala zawo zili ndi zikopa kapena nthenga za nyama zakutchire, afunse kaye a nthambi yoona za nyama zakutchire, kuopa kulandidwa. Mbiya ndi zosema zokagulitsa muzionetse kwa a kasitomu.

Tibwere ku funso lanu lenileni, la kulembetsa. Yankho langa ndi loti inde, koma osati lero, ndipo osati chifukwa choti bungwe lina latero. Satifiketi sithetsa mkangano uliwonse mwa imene mwatchulayi, ndipo ndalama zikafika pagulu losamvana zimangoukulitsa. Yambani ndi pangano lalifupi, masamba awiri kapena atatu, lolembedwa m'Chichewa ndi kuwerengedwa mokweza: gulu limalowa bwanji, limatuluka bwanji, gulu lililonse voti imodzi kaya ndi lalikulu kaya laling'ono, udindo umatha pakapita zaka zingati, katundu wogula limodzi amasungidwa kuti, ndipo adzagawidwa bwanji mgwirizano utatha. Za katunduzi anthu amaziiwala, koma jenereta imodzi imatha kudanitsa midzi. Kenaka kadzidziwitseni kukhonsolo ya boma lililonse mwa atatuwo, kwa a DC, kwa woona za achinyamata ndi kwa a zachisamaliro cha anthu. Kulembetsa kukhonsolo ngati gulu la m'dera n'kosavuta ndipo kumathandiza potsegula akaunti. Magulu a achinyamata akhozanso kulembetsa ku National Youth Council. Mukayenda chaka chathunthu mabuku ali bwino, ndiye muganize zolembetsa kuboma pansi pa lamulo la matrasti. Kukhala bungwe loti si laboma lathunthu kumafuna kulembetsa ku NGORA, ofesi yoyang'anira mabungwe oterewa, kulipira chaka ndi chaka ndi kupereka malipoti a zachuma ounikidwa ndi akatswiri. Magulu 11 a m'midzi katundu ameneyo angawalemere pakadali pano.

Bungwe lofuna kukuthandizanilo mulifunse mafunso musanasangalale. Thandizolo ndi la nthawi yaitali bwanji? Likufuna muzichita chiyani? Zithunzi zanu lidzazigwiritsa ntchito motani? Ndimamva chisoni ndikaona gulu la zisudzo limene linkaseketsa mudzi wonse ndi nkhani zakezake litasanduka lonyamula uthenga wa pulojekiti basi, pulojekiti ikatha nalonso n'kutha. Uthenga wa zaumoyo kapena wa kusamala mitengo ndi wabwino, koma gulu lisataye masewero ake. Ngati bungwelo likufunadi kuthandiza chaka chino, likhoza kugula chimkuzamawu kapena kulipira lole mwachindunji, kapena kudutsitsa ndalama ku bungwe lina lolembetsedwa kale pa mgwirizano wolembedwa. Musaiwalenso apafupi: eni zigayo, ogula mbewu, makopaletivi ndi eni malole a pa Kamwendo kapena pa Santhe, amene amapindula anthu akasonkhana. Ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za olemba ndi oimba, kuli thumba la Copyright Fund lothandiza ntchito zaluso, muzitchera khutu akalengeza. Ndipo phunzirani ku Tumaini Festival ya ku Dzaleka ku Dowa, imene inayamba mu 2014. Kulowa n'kwaulere, koma alendo amagula zakudya ndi kulipira pogona m'makomo a anthu a pamalopo, kotero eni dera amaona phindu lake m'manja mwawo. Mudzi umene wapindula ndi chionetsero umachiteteza.

Mawu awiri pa zojambula. Masiku ano aliyense ali ndi foni, ndipo nyimbo ya chimtali imene amayi apeka imatha kupezeka pa Facebook kapena pa TikTok eni ake osadziwa. Oonerera simungawaletse onse, koma wobwera ndi kamera kudzajambula zokagulitsa kapena zokaika m'lipoti apemphe chilolezo kwa gululo, osati kwa komiti yokha. Lamulo la zokopera la 2016 limateteza ntchito za olemba ndi oimba, komanso miyambo ya makolo pamene wina akufuna kupangira malonda. Alakatuli ndi olemba masewero anu alimbikitseni kulembetsa ntchito zawo ku COSOMA.

Pali zina zimene musalimbane nazo nokha. Mukapeza kuti ndalama zasowadi, nkhaniyo isakambidwe pa WhatsApp. Itanani munthu wodalirika wa kunja kwa mgwirizano, monga mlangizi wa zachitukuko wa m'dera, aunike mabuku, ndipo ngati pali kuba nkhaniyo ipite kwa amfumu kapena kupolisi. Mkangano wokhudza gule ndi wa mafumu, komiti isaugamule. Pepala lililonse la bungwe lopereka ndalama, makamaka likakhala m'Chingerezi, lionedwe ndi wodziwa malamulo musanasaine. Ndipo poti ndinu mphunzitsi mukudziwa kale kulemera kwa nkhani ya ana: paulendo wogona, atsikana agone paokha ndi amayi odalirika, anyamata paokha, ndipo mwana asatumidwe yekha kwa munthu wamkulu usiku. Mwana akadandaula za nkhanza, musakambirane zobisa kuti muteteze dzina la mgwirizano. Pitani kupolisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kwa a zachisamaliro cha anthu, kapena imbani 116.

Msonkhano wotsatira ukachitikire ku Santhe, ndipo mukakambe zinthu zitatu zokha: kupereka ndalama kwa msungichuma watsopano, kusankha kumene chionetsero chikubwerachi chikachitikire, ndi kusankha anthu anayi olemba pangano. Mwina magulu awiri kapena atatu atuluka akamva kuti alawansi ya pamsonkhano kulibe. Musawanyoze ndipo musawatsekere khomo, muziwaitanabe kuzionetsero, chifukwa ena amabwerera akaona anzawo akuyenderana. Pangano lija mukalemba, nditumizireni ndiliwerenge musanakasainirane.